Nyumba Imene Inakwera Kuposa Mfumu

Mu ufumu wa Zilibwino malamulo onse ankapindika malinga ndi munthu amene wagwidwa, kupatulapo limodzi: palibe wololedwa kukhala pampando wokwera kuposa wa mfumu. Lamulo limeneli linali ndi unduna wakewake, Unduna wa Ulemu ndi Kugwada, ndipo chaka ndi chaka anthu a undunawu ankazungulira mzinda wa Khalachete atanyamula chingwe, levulo ndi sowo.

Mpando wa Mfumu Sagwedera Wachiwiri unali pamwamba pa masitepe makumi awiri, kotero a nyumba zapansi analibe nkhawa. Ovutika anali a nyumba zosanja. Pamsika wa Tidyenji panali nyumba yosanja yakalekale, Nyumba ya Atelala, ndipo atelala makumi anayi a m'chipinda cham'mwamba ankasoka atakhala patimipando todulidwa miyendo. A unduna ndiwo anatidula, mpaka kampando kalikonse kanatsika masentimita asanu pansi pa mpando wa mfumu, n'kudinda chidindo kunsi kwake. Mkulu wa atelalawo, mayi Nachisale, anasoka zaka makumi awiri maondo akucheza ndi chibwano. Msana umenewo ndiwo unaphunzitsa mwana wawo Ndaona mpaka kukhala injiniya.

Mfumu inali ndi nyumba ina yopumulirako kutsidya kwa mzinda, ndipo msewu wopitako unkadutsa pamsika. Galimoto zikamadutsa anthu ankagwada monga mwa mwambo, koma maso awo sankagwada nawo. Mfumu inadandaula kuti ikafika kopumulirako chakudya sichilowa, chifukwa cha mmene anthu oondawo amaiyang'anira. Bwalo la nduna linakhala masiku atatu. Wina anati anthu azitsinzina. Wina anati anthu oonda aziima kumbuyo kwa onenepa, koma atawerenga onenepa anapeza kuti onse ali m'bwalo momwemo. Pomaliza a Vomerani, Nduna ya Zomangamanga, anati pakumbidwe msewu wa pansi pa nthaka, mfumu izidutsa osaona munthu.

A Weramani, Nduna ya Ulemu, anafunsa ngati zimenezo sizikutanthauza kuti anthu onse akhala pamwamba pa mfumu. Panapita masiku ena awiri. Akatswiri a malamulo anagamula kuti lamulo limanena za mpando wachifumu, osati wa m'galimoto. A Weramani anagonja, koma anasunga nkhaniyo kukhosi.

Anaitanitsa kunja chimakina chachikulu ngati tchalitchi, cha mano achitsulo kumphuno, chodya dothi kutsogolo n'kumasiya mphanga ya simenti kumbuyo. A Vomerani anachitcha Mkondo wa Chitukuko. Anthu a pamsika anachitcha Chimfuko, ndipo dzina limene linakhala ndi limenelo.

Ndaona Malikebu analembedwa ntchito yoyeza nyumba za pamwamba pa mphangayo. Chimfuko sichidya mwaukhondo. Chimatenga dothi lochulukirapo pang'ono kuposa mphanga imene chikusiya, ndiye dothi lapamwamba limatsika kudzatseka mpatawo, nyumba n'kutsika nalo. Nyumba ikatsika yonse mofanana palibe mlandu waukulu. Choopsa ndi pamene ngodya imodzi yatsika inzake n'kutsala, pakuti njerwa sizidziwa kupinda, zimangodziwa kung'ambika.

Kayezedwe kake kanali kosavuta. Anakhoma misomali yamkuwa m'makoma, pafupi ndi maziko, ndipo sabata iliyonse ankasuzumira m'makina ake a miyendo itatu n'kuwerenga manambala pandodo imene a Sikelo ankaimika pamsomali uliwonse. A Sikelo anali mdala amene ananyamula ndodo imeneyo zaka makumi atatu mu unduna, pansi pa nduna khumi ndi ziwiri, osakwezedwa ngakhale kamodzi. Koma kuti udziwe ngati chinthu chatsika uyenera kuyambira pa chinthu chosasuntha. Ndaona anasankha thanthwe la kunja kwa mzinda, kumene mbuzi zinkagona masana, n'kukhomapo msomali woyamba.

Lipoti la mwezi woyamba analiwerenga yekha pamaso pa bwalo, atagwada. Linati chimene chikutsika kwambiri mumzinda wonse ndi nyumba yachifumu. Bambo a mfumu anaimanga padambo lokwiriridwa chifukwa ankafuna udzu wobiriwira chaka chonse. Tsono dzenje lolowera Chimfuko linakumbidwa m'munda wa maluwa wa nyumba yomweyo, ndipo mapampu ankakoka madzi m'dzenjemo osapuma. Dothi la dambo ukalichotsa madzi limafwapa ngati chinkhupule chofinyidwa. Nyumba yachifumu, ndi miyala yake yonse yoitanitsa kunja, inali itatsika kale masentimita awiri.

Mfumu inayang'ana a Vomerani, a Vomerani anayang'ana denga.

"Mtsikana iwe," anatero a Vomerani atapeza mawu, "muyeso wakowu ukuyambira pati?"

"Pathanthwe la kumpoto, bwana."

"Pogona mbuzi paja?"

"Pomwepo, bwana. Mbuzi zimasuntha koma thanthwe silisuntha."

Apa bwalo linapuma, pakuti linali litapeza wolakwa. Nduna zinalankhula molandizana za mwano woyeza ufumu kuyambira pogona ziweto. Tsiku lomwelo panatuluka chilengezo chakuti m'dziko la Zilibwino chinthu chosasuntha ndi chimodzi chokha, ndicho mfumu, kotero miyeso yonse iziyambira pa Mwala wa Mapazi, pamene mfumu imapondapo ikakhala pampando wake. Apolisi awiri anatumidwa kukazula msomali wa pathanthwe. Anathamangitsanso mbuzi, kuti ntchito ioneke.

Ndaona anaganiza zosiya ntchito, koma atakumbukira msana wa mayi ake anasintha maganizo. Lolemba lotsatira anavula nsapato, kukwera masitepe makumi awiri chogwada, n'kuimika ndodo pa Mwala wa Mapazi.

Zotsatira zake zinasangalatsa aliyense wofunika. Popeza mwalawo unkatsika mofulumira kuposa china chilichonse, papepala zinthu zonse zinayamba kukwera. Nyumba za kwa Pirirani, kumene Chimfuko chinayamba kudutsa, zinatsika masentimita awiri, nyumba yachifumu itatsika asanu ndi limodzi, ndiye buku linati kwa Pirirani kwakwera anayi. Wailesi inalengeza kuti mu ulamuliro wa Sagwedera Wachiwiri ngakhale nthaka ikupita patsogolo, ndipo manambala a Ndaona ankawerengedwa madzulo aliwonse pambuyo pa zanyengo.

Kwa Pirirani zitseko zinayamba kukana kutsekeka. Ming'alu inayamba pangodya za mawindo n'kukwera chopingasa kulowera kudenga. Zitsime zinaphwa. Unduna unafotokoza kuti ming'aluyo ili ngati mizere ya pamimba pa mayi woyembekezera, imasonyeza kuti nyumba ikukula, ndipo zitsime zaphwa chifukwa madzi alephera kukwera nawo liwiro la chitukuko. Anthu anamva n'kuthokoza. Mayi wina wogulitsa makala anauza Ndaona kuti masiku ano akafuna mchere kwa aneba sazunguliranso, amangopisa dzanja pakhoma. Mkulu wina anapempha kuti nyumba yake aichotse m'kaundula wa chitukuko, yakwera mokwanira, zotsalazo agawireko anzake. A Sikelo ankauza aliyense wofunsa kuti asadandaule, pofika Khirisimasi anthu a kwa Pirirani adzakhala atalowa kumwamba osafa.

A Sikelo omwewo ndiwo anakumbutsa Ndaona kuti apolisi anazula msomali koma anaiwala kuzula bowo. Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse atatuluka m'tchalitchi, awiriwo ankapita kuthanthwe, kuimika ndodo pabowopo n'kuyezanso mzinda wonse. Ndaona anakhala ndi mabuku awiri, lofiira la unduna ndi lakuda lake. Lofiira ankasaina a Vomerani tsamba ndi tsamba, mosangalala, ndi cholembera chagolide.

Buku lakuda ndilo linamuuza za Nyumba ya Atelala. Chimfuko chinkayenda mamita khumi patsiku, ndipo chinali chitatsala ndi masiku khumi ndi awiri kuti chifike pamsika. Nyumbayo inamangidwa m'mbali mwa khwawa lakale, pamaziko a mizere itatu ya njerwa zomangira dothi. Mphanga inkayenera kudutsa pansi pa ngodya yake yakum'mawa yokha. Ngodya imeneyo ikanatsika masentimita asanu ndi awiri, yakumadzulo ili chiimire, ndipo pamwamba pake panali makina achitsulo makumi anayi, anthu makumi anayi, ndi mayi ake pawindo la kum'mawa, pamene panali kuwala kwabwino kolowetsera ulusi. Anawerengetsa katatu, ndipo katatu konse khoma la kum'mawa linagwa papepala.

Anapita kwa a Vomerani ndi njira zitatu. Chimfuko chiime, kapena apopere simenti m'dothi la pansi pa maziko kuti lilimbe, kapena anthu atuluke. A Vomerani anamvetsera akusenda nthochi. Anati Chimfuko sichingaime chifukwa mphanga itsegulidwa patsiku lobadwa mfumu, ndipo tsikulo ladindidwa kale pansalu. Simenti yonse ikumangira chipata chaulemu cha pakhomo la mphanga, chokhala ndi mikango iwiri. Za kutulutsa anthu ndiye n'zosatheka, poti atelala omwewo ndiwo akusoka zovala zachikondwerero zikwi zitatu.

"Ndiponso buku lako likuti bwanji za nyumbayo?"

"Lofiira likuti yakwera masentimita asanu ndi atatu, bwana."

"Lilipo lina?"

Ndaona anayang'ana makoko a nthochi patebulo.

"Ndiye ukufuna ine ndichotse anthu m'nyumba imene ikukwera? Ndiwauze kuti chitukuko chachuluka, thawani? Mwana iwe, sukulu inakupatsa manambala koma inakumana nzeru. Utseke chitseko potuluka."

Chitsekocho chinakana kutsekeka. Ofesi ya a Vomerani inali mbali ya nyumba yachifumu.

Kuchokera kumeneko anapita kumsika, kukwera masitepe amatabwa a Nyumba ya Atelala. M'chipindamo munali phokoso la makina ndi fungo la nsalu yatsopano, nkhope ya mfumu ili mbwee pamatebulo onse, ina yodulidwa pakati kuti ikwane pamkono. Mayi Nachisale anamumvetsera osasiya kusoka. Sanatsutse kanthu. Anatola bobini ya ulusi n'kuiika pansi, ndipo inayamba kugudubuzika yokha pang'onopang'ono kulowera kungodya ya kum'mawa, kumene kunali kale zinzake zisanu. Anati zayamba dzana, ndipo palibe telala amene sakuziona.

"Ndiye tulukani, amayi."

"Tituluke tinene kuti chiyani? Wotsika masitepe awa woyamba ndiye wanena kuti wailesi ikunama. Ukudziwa kumene amapita anthu otero. Ndipo zovala izi tikapanda kumaliza, nyumba ikhoza kutisiya amoyo koma a Vomerani satisiya. Khala pansi, ukunditchingira kuwala."

Ndaona anakhala pakampando ka telala wina amene anali atatuluka. Maondo anafika pachibwano. Anakhala choncho kanthawi, kenako anadzuka, n'kukatembenuza kampandoko. Kunsi kwake kunali chidindo cha Unduna wa Ulemu, chofiirira ndi zaka: masentimita asanu pansi pa mfumu.

Asanu pansi. Buku lofiira, losainidwa ndi cholembera chagolide, linkati nyumbayi yakwera asanu ndi atatu.

Anabwezeretsa kampandoko bwinobwino. Chilango cha mlandu wokhala pamwamba pa mfumu ankachidziwa kuyambira ali mwana: nyumba imatsekedwa tsiku lomwelo, ndipo mkulu wa panyumbapo amagwada pachipata cha mfumu masiku atatu, kuyambira dzuwa kutuluka mpaka kulowa. Anayang'ana maondo a mayi ake, otupa, omangidwa kansalu. Anayang'ananso mabobini asanu ndi imodzi aja pangodya. Anatsanzika mwaulemu, ndipo mayi ake anamuuza kuti agule anyezi popita kunyumba.

Sanagule anyezi. Analunjika ku Unduna wa Ulemu ndi Kugwada.

Undunawu unali pamavuto. Panali patapita zaka zisanu ndi chimodzi osagwira munthu, chifukwa mipando yonse ya mumzinda inali itadulidwa kale, ndipo kubwalo kunkamveka manong'onong'o oti unduna uphatikizidwe ndi wa zamasewero. A Weramani anamulandira Ndaona mwaulesi, atakhala pamkeka. Iwo sankakhala pampando uliwonse, kuti pasadzapezeke chowanenera. Ndaona anagwada, kutsegula buku lofiira n'kuwalozera nambala ndi siginecha. Anati iye ndi wantchito wamng'ono, za malamulo sazidziwa, koma mtima wake sukumupatsa mtendere: asanu ndi atatu kuchotsapo asanu, kwatsala atatu. Anthu makumi anayi akhala pamwamba pa mfumu ndi masentimita atatu.

A Weramani anawerenga ndi zala, kawiri. Anafunsa ngati a Vomerani anasainadi okha, ndipo atawaonetsa masamba onse anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso.

"Mwana wanga," anatero, "atsikana ophunzira ambiri alibe mwambo. Iwe makolo ako anakulera."

"Anandileradi, bwana."

Bwalo linaitanidwa mwadzidzidzi. A Weramani analankhula ola lathunthu, mawu akukwera ndi kutsika, za matako a anthu wamba amene akulendewera pamwamba pa chisoti cha makolo. A Vomerani anatuluka thukuta. Njira yopulumutsira zovala zawo inali imodzi yokha, kunena kuti nyumbayo sinakwere. Koma ikapanda kukwera ndiye kuti pali china chimene chatsika, ndipo chinacho chinali chitakhala pamwamba pa masitepe makumi awiri chikuwayang'ana. Kenako anaimirira n'kunena kuti iwo ndiwo anayamba kuikayikira nyumbayo.

Mfumu inafunsa kuti anthuwo akhala pamwamba pake nthawi yaitali bwanji. Atati pafupifupi masabata awiri, inagwedeza mutu n'kunena kuti n'chifukwa chake yakhala ikumva kulemera paliwombo.

Zimene choonadi chinalephera kuchita, ulemu unazichita m'mawa umodzi. Asilikali anafika ndi malole anayi. Makina onse makumi anayi anatsitsidwa, ndi matebulo, ndi nsalu, ndi atelala. A m'mashopu apansi anatulutsidwanso chifukwa chosunga mwano padenga pawo. Nyumba inazunguliridwa ndi chingwe mamita makumi awiri mbali zonse, kuti munthu asayandikire n'kutengera khalidwe lake. Ndaona ndiye anapereka nambala ya mamitawo, atafunsidwa kuti mwano umafika patali bwanji.

Ku Zilibwino kunali mwambo wakuti dzina la woulula mlandu liziwerengedwa poyera kuti anthu amuombere m'manja. Msilikali analiwerenga kawiri. Msika wonse unaomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, mmene amaombera pamaliro a munthu amene sankamukonda. Mayi Nachisale sanaombe. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kunsapato mpaka kumutu, ngati akumuyeza diresi, kenako anakwera lole.

Anagwada pachipata masiku atatu, mwezi wa Okutobala, pamiyala yoyala. Tsiku loyamba Ndaona anabwera ndi madzi m'botolo. Mayi ake sanatembenuke.

"Ndinakuphunzitsa kuti udzandigwaditse?"

"Imwani madzi, amayi."

"Apatse a Sikelo andipatse. Dzanja lako lili ndi ntchito zambiri."

A Sikelo anapereka madziwo, n'kukhala nawo pamthunzi wa khoma masiku onse atatu, ndodo yawo ili pambali. Atafunsidwa ndi mlonda chimene akuchita, anati akuyeza kugwada. Tsiku lachitatu masana mayi Nachisale anasolola kansalu m'thumba kuti apukute thukuta, ndipo bobini inagwa. Inaima kaye pamwala, ngati ikuganiza. Kenako inayamba kugudubuzika, kudutsa pansi pa chipata, kudutsa pakati pa miyendo ya mlonda, kutsata njira ya miyala yoyera, kulunjika kukhomo la nyumba yachifumu, ulusi wofiira ukutambasuka m'mbuyo mwake. Mayi Nachisale anaiperekeza ndi maso mpaka inasowa. Anafunsa a Sikelo ngati kale njira imeneyi sinali yokwera popita kwa mfumu. A Sikelo anati iwo ndi wonyamula ndodo chabe, koma bobiniyo ikuoneka kuti ndi yophunzira.

Pamsika Ndaona anamutcha Namipando. Akamadutsa, amayi ogulitsa tomato ankadzuka pazidebe zawo n'kukhala pansi, ena n'kumufunsa ngati mwala uwu sunakwere kwambiri. Wogulitsa anyezi anamuuza kuti atha, mulu uli pamaso pake. Iye ankangoyenda ndi mabuku ake awiri, n'kumawerenga masiku.

Chimfuko chinafika pansi pa Nyumba ya Atelala Lachinayi. Lachisanu m'mawa mng'alu unatsika kuchokera pawindo la kum'mawa mpaka pamaziko, wolowa chala. Masana unali wolowa mkono. Loweruka, nthawi imene msika umadzaza, nkhunda zonse za padenga zinauluka pamodzi, ndipo ngodya ya kum'mawa inakhala pansi. Khoma linatsatira, kenako chipinda cham'mwamba chinatsikira m'chapansi ndi mkokomo umene unamveka mpaka kuthanthwe la mbuzi. Fumbi litatha anthu anaona kuti njerwa yakutali kwambiri yagwera mkati mwa chingwe, patatsala phazi limodzi. Timipando todulidwa tija, timene asilikali anatisiya monga umboni, tinali pansi pa zonsezo. Panalibe wovulala.

Madzulo wailesi inalengeza kuti nyumba yamwano ija, itazindikira kulakwa kwake, yagwada yokha. A Weramani anapatsidwa mendulo ndi galimoto zina ziwiri. A Vomerani anapatsidwa mendulo chifukwa choyamba kuikayikira. Ndaona anapatsidwa kalata yomuthokoza, dzina lake litalembedwa molakwika, ndi udindo watsopano woyeza mwano wa nyumba zonse za mumzinda. Anaulandira. M'njira ya Chimfuko munali mutatsala sukulu yosanja ndi nyumba yogona alendo, ndipo zonse ziwiri anazipeza ndi mwano sabata imodzi Chimfuko chisanafike. Aphunzitsi aakulu a sukuluyo anagwada masiku awo atatu osadandaula. Pochoka anamugwira Ndaona dzanja nthawi yaitali kuposa mmene munthu amagwirira mdani.

Atelala anasamukira pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa msika. Popeza tsopano anali pansi penipeni, lamulo silinkawakhudza, ndipo anagula mipando ya miyendo yathunthu. Ndaona anapitako patatha masabata awiri. Anapeza mayi ake atakhala mowongoka, mapazi ali pansi, maondo ali kumene Mulungu anawaika. Anaima chapatali. Mayi Nachisale anamaliza msoko, kudula ulusi ndi mano, n'kukankha mpando wina ndi phazi.

"Anyezi aja mpaka lero?"

"Anandikaniza, amayi."

"Akugulitsa tsopano. Ndawauza." Anatembenuza nsalu. "Ukanandiuza."

"Mukanavomera?"

"Ayi. Koma ndikanamanga nsalu zambiri m'maondo."

Makina ankalira mbali zonse. Kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana, yakuda kunsi, ndipo mphepo inkanunkhira dothi. Mayi Nachisale anafunsa kuti buku lakuda likuti bwanji za nyumba yachifumu. Ndaona anati masentimita khumi ndi anayi, ndipo ngalande zonse zimene zinkachotsa madzi kumeneko tsopano zapendekera mkati. Anafunsa ngati pali amene wauza mfumu. Ndaona anati palibe, ndipo iye sadzayesanso, mvula idzanena yokha.

Apo mayi ake anapisa m'thumba n'kutulutsa kalata ya chidindo chachifumu imene inafika m'mawa womwewo. Inali yosainidwa ndi nduna zonse ziwiri, a Vomerani ndi a Weramani, koyamba m'mbiri ya ufumu. Inkalamula atelala kuti aimike kaye zovala zachikondwerero, asoke msanga matumba zikwi ziwiri a chiguduli, okula moti munthu mmodzi n'kunyamula atadzaza mchenga. Matumbawo, inatero kalatayo, ndi okongoletsera kuzungulira nyumba yachifumu, ndipo afike mvula isanayambe.

Ndaona anawerenga mpaka pansi n'kuibweza. Mayi Nachisale anaipinda, kunyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, n'kuilowetsa pasingano kamodzi kokha.

"Iwe ndiwe injiniya," anatero. "Tiwasoke olimba, kapena aulemu?"